Chulu Chopanda Ngumbi

M'munda mwa amayi ku Chiwalo muli chulu chimene sichitulutsa ngumbi. Ndili mwana ndinkadana nacho chifukwa cha zimenezo. Mvula yoyamba ikagwa, anzanga ankathamangira ku zulu za m'minda mwawo atanyamula zitini, n'kubwerako milomo ili noninoni, koma chathu chinkangokhala duu, ngakhale chiswe chimodzi osaoneka. Komatu chinali chachikulu kuposa zulu zonse za kwathu, chotambalala, pamwamba pake posalala moti anthu akanatha kukhalapo n'kuweruza mlandu. Panali mitengo iwiri ya mthethe ndi udzu wautali umene sunkamwetedwa.

Bambo anga ndi mkamwini. Kwawo ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene ankapha matemba ali mnyamata, ndipo anabwera ku Chiwalo kudzakwatira amayi chaka china nyanja itaphwa. Kwathu munda ndi wa akazi. Amayi anaulandira kwa amayi awo, amenenso anaulandira kwa makolo amene anachokera ku Mozambique atasenza mphika ndi khasu. Bambo ndi amene ankaulima kuposa wina aliyense, koma sindinawamvepo akunena kuti munda wanga. Ankati munda wa amake ana, ndipo mwana akapempha kuti athyole chimanga chachiwisi ankamutumiza kwa eni ake.

Pa chinthu chimodzi chokha m'mundamo bambo anali ndi mawu, ndicho chulu chija. Mizere yawo inkafika pafupi n'kukhota, kusiya kanjira kozungulira. Ife ana tinkaletsedwa kukwerapo, kutolapo nkhuni kapena kukadzithandizira kuseri kwake. Nditakula pang'ono anandiuza chifukwa chake tikupalira nandolo. Atangolowa m'mudzimo, anapatsidwa chigawo cha pafupi ndi chulu kuti anthu aone ngati mkamwini watsopanoyo ankalidziwa khasu kapena ankangodziwa bwato. Tsiku lina khasu lawo linafukula phale lokhala ndi timizere tokongola m'mphepete, timizere timene anali asanationepo pa mphika wa Alomwe kapena wa Amang'anja. Atakumba kachiwiri panatuluka kafupa. Anabwezera zonse, n'kukwirira, n'kukauza amayi okha. Kuyambira pamenepo anadziwa kuti chulucho sichinaunjikidwe ndi chiswe.

Anthu ogona m'menemo ankawatchula kuti apongozi aakulu. Amayi ankaseka akamva zimenezi, koma bambo sankanena mwanthabwala kwenikweni. Maganizo awo anali akuti tonsefe m'chigwa chino tinachita kubwera, ena kale ena posachedwa, ndipo mlendo sayamba ndi kusuntha mphasa ya amene wawapeza.

Munthu amene ankawaseka kwambiri anali amalume, achimwene awo a amayi, eni mbumba yathu. Amalume ntchito yawo ndi youmba njerwa. Ndi munthu wamtali, wa mawu aakulu, amene akaseka amamveka kutsidya kwa dambo. Akamadutsa m'mundamo ankatapa dothi la m'mphepete mwa chulu, kulifikisa m'manja, n'kunena kuti alamu awo akubisa mudzi wonse wa njerwa pansi pa udzu. Bambo ankangowayankha kuti akafunse eni munda. Kenako awiriwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kusewera bawo mpaka dzuwa kupendeka, akukangana m'Chilomwe, aliyense akuti mnzake akubera.

Chaka chimene ndinamaliza sekondale mvula inagwa masiku angapo osakata. M'mawa wina, tikuyang'ana madzi akulowa pabwalo pang'onopang'ono, tinamva mkokomo kuchokera kuphiri ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Anthu anayamba kuthamanga uku ndi uku. Sukulu, imene ili pamalo okwera, inali kutali, ndipo njira yake inali itasanduka kale mtsinje. Bambo anamasula mbuzi, ananyamula mng'ono wanga paphewa, natiuza kuti tiwatsatire kumunda.

Titafika madzi anali m'mawondo. Amayi anali ndi mtolo wa zofunda pamutu, anansi athu akubwera m'mbuyo ndi ana olira. Bambo anaima m'munsi mwa chulu, anatsitsa mwana n'kumupatsa amayi, anavula chipewa, naomba m'manja monga amachitira munthu pakhomo pa eni ake.

"Odi, eni kuno. Tabwera ndi ana, madzi atipitikitsa," anatero, kenako anatembenuka n'kuyamba kukankhira ana pamwamba.

Aka kanali koyamba kuti ndiponde pachulupo. Tinalipo mabanja angapo, mbuzi, nkhuku, ndi galu wina amene sitinamudziwe mwini wake. Masana amalume anafika, pena akusambira pena akuyenda, thumba la makaka, chinangwa chouma, lili pamutu. Atakwera anayang'ana bambo, anayang'ana madzi ofiira amene anali atatizungulira mbali zonse, n'kukhala pansi, namasula thumba lija. Tinatafuna makaka osaphika. Tili pomwepo tinaona denga la nyumba yathu likupendekeka pang'onopang'ono mpaka kugwada ngati ng'ombe yotopa. Amayi anatembenukira kwina n'kuyamba kumanganso mtolo umene unali womangidwa kale. Madzi anayamba kutsika tsiku lotsatira, ndipo tinachokapo tonse amoyo.

Tinakakhala kusukulu, mabanja ambiri m'kalasi imodzi, madesiki titawaunjika kukona. Amene ankatisamalira kwambiri anali aphunzitsi ena aakazi ochokera kumpoto, amene anali atakhala kwathu zaka zingapo koma Chilomwe chinkawadutsabe m'makutu. Azimayi akayamba kulongolola m'chinenero chathu, iwo ankangomwetulira n'kupitiriza kugawa phala.

Madzi ataphwa ndinaperekeza bambo kukaona munda. Chimanga chonse chinali chitagona pansi pa mchenga. Mbali ya chulu yoyang'ana kuphiri inali itagumuka ngati wina wadula ndi chikwanje, ndipo pakhoma la dothi lotsalalo panali patatulukira mimba ya mphika wathunthu, wakuda, wa timizere m'khosi. Pambali pake panali mafupa a mwendo, ofiirira ngati mizu. Bambo anandiuza kuti ndiime patali. Anavula jekete, yokhayo imene inapulumuka, n'kuphimba mafupawo. Kenako tinadula masamba a nthochi imene inatsala chilili n'kutsekapo, pamwamba tinatsamiritsa miyala. Tinauyamba ulendo wobwerera kusukulu. Ankayenda atapinda manja chifukwa mphepo inali kuwomba ndipo malaya awo anali opyapyala.

Nkhani yotere siibisika m'kalasi mogona anthu ambiri. Pasanapite nthawi amalume anaitanitsa amayi ndi bambo kuseri kwa sukulu, ine ndili pambali ndikutsuka mbale. Ulendo uno sankaseka. Anati nyumba zagwa m'mudzi monse, dothi la kudambo lakwiririka ndi mchenga, ndipo dothi labwino lotsala pafupi ndi la chulu chija. Madzi achiyamba kale, anatero, ndiye kulibwino tichimalize. Mafupa tingawasonkhanitse mwaulemu n'kukawaika kumanda a m'mudzi, koma ana sangapitirize kugona pasimenti ya kalasi chifukwa cha anthu amene palibe akuwadziwa dzina kapena mtundu. Sankanena zopanda nzeru, ndipo bambo ankadziwa. Anakhala atawerama, akujambula pansi ndi kamtengo, n'kunena motsitsa mawu kuti iwo ndi mlendo, munda si wawo. Anayang'ana amayi kamodzi kokha.

Amayi si munthu woyankha tsiku lomwelo. M'mawa mwake anapita kumunda okha, natenga nthawi yaitali. Atabwerako anakawapeza amalume akusema mpini.

"Achimwene, chulu chija ayi. Tinakhala pamsana pawo ndi mbuzi zathu, sanatigwetse. Kumunsi kumene ndimadzala nandolo kuli dothi la makande, mchenga sunafikeko kwambiri. Kakumbeni kumeneko."

"Nanga nandolo wa chaka chamawa mudzadzala pati, achemwali? Maenje a njerwa satsekeka msanga."

"Ndidzaona. Kakumbeni."

Amalume anapukusa mutu, nanena kuti mlamu wawoyo ndi woopsa kuposa anthu olankhula, chifukwa amapambana mlandu atatseka pakamwa. Koma sabata yomweyo anayamba kuponda dothi kumunsi kwa munda, bambo akuwatungira madzi. Chigawo chimenecho chinali chachonde kuposa zonse, ndipo kwa zaka zingapo nandolo tinkachita kupempha kwa azakhali, akazi awo a amalume. Amayi sanadandaulepo ife tikumva.

Aphunzitsi aja anamva za mphika kuchokera kwa ana a m'kalasi mwawo. Anabwera kwa amayi kudzapempha kuti akaone, ndipo titafika anafunsa ngati angajambule ndi foni. Bambo analola mphika wokha. Mafupa anakana, anati munthu sajambulidwa ali wosavala. Aphunzitsiwo anafotokoza kuti boma lili ndi anthu oona za zinthu zamakedzana, ndipo malo ngati amenewa amatetezedwa ndi lamulo kuti asawonongeke. Bambo atamva za boma nkhope inagwa. Ankaopa kuti munda wa amayi ulandidwa, kapena anthu ogonawo anyamulidwa m'makatoni kupita kutauni. Amayi ndi amene anavomera kuti chithunzicho chitumizidwe. Anati mvula ikubwerayi idzamaliza zimene yayamba, ndipo masamba a nthochi si chitseko.

Panapita miyezi. Tinamanga nyumba ya zipinda ziwiri ndi njerwa za amalume, n'kuiwalako za chithunzi. Kenako tsiku lina m'chilimwe galimoto yoyera inaima pasukulu, n'kutsikamo mayi wina wa imvi wochokera kuboma, wovala nsapato za mphira ndi chitenje, pamodzi ndi anyamata awiri onyamula zikwama. Anayamba adutsa kwa amfumu monga mwa mwambo, kenako anafika pakhomo pathu. Mayiwo anapereka moni kwa bambo n'kuyamba kuwafotokozera za ntchito yawo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu wonse, kenako analoza amayi amene ankasenda chinangwa pakhonde, nati zonse zimene zanenedwazo zinenedwenso kwa eni munda. Mayi aja anaseka, nakoka mpando kupita pakhonde, n'kuyambiranso.

Anagwira ntchito pachulupo pafupifupi masabata awiri. Anamanga tizingwe, anajambula, n'kuyamba kupala dothi ndi timafosholo tating'ono ndi timabulashi tonga topentera. Tsiku loyamba bambo anabwera kunyumba atakhumudwa. Anati anthu aja akulima ndi supuni, ndipo pa liwiro limenelo mvula idzawapeza asanafike pa bondo. Anawapititsira khasu lawo, iwo anathokoza n'kuliimika pamtengo. Koma tsiku lachitatu bambo anali atakhala pansi pambali pa dzenje, akugwira sefa yosefera dothi, maso ali tcheru ngati mwana wa sukulu. Mbuzi tinkamasula ndife.

Mayi aja anali munthu woleza mtima, ndipo ankafotokoza chilichonse chimene chatuluka. Anati wogonayo anali mzimayi, wamkulu ndithu, woikidwa chogonera m'mbali atapinda miyendo, nkhope itayang'ana kunyanja. Padzanja pake panali chibangili chachitsulo chimene dzimbiri linali litachidya, ndipo m'khosi munali timikanda tosema kuchokera ku zigoba za nkhono. Anati anthu amenewa anakhala kuno kalekale, makolo athu asanaganize n'komwe zowoloka malire, ndipo chulucho chinakula pang'onopang'ono, mibadwo ikuunjika dothi, phulusa ndi akufa awo pamalo amodzi okwera. Mwina nawonso ankathawa madzi, anatero, koma sangatsimikize. M'kati munali ena ambiri, koma sankafuna kuwakumba. Ntchito yawo inali yopulumutsa zimene madzi anavundukula basi.

Bambo anali ndi mafunso osatha. Anafunsa kuti mayi wogonayo ankalankhula chinenero chanji, ndipo anayankhidwa kuti palibe amene angadziwe. Anafunsa ngati anali ndi ana, ngati ankadziwa mchere, ngati mphikawo anaumba yekha. Zambiri mayi a boma aja ankangoti sakudziwa, ndipo bambo ankakonda zimenezo. Anati munthu amene amavomera kuti sadziwa, akanena kuti akudziwa umamukhulupirira. Tsiku lina m'sefa munatsala timinga ta nsomba. Mayi aja anawaonetsa bambo, nati ndi ta mlamba, mwina wa m'nyanja yomweyi. Madzulo ake bambo anauza aliyense amene anakumana naye panjira kuti apongozi aakulu ankadya mlamba wa ku Chilwa. Anasangalala ngati apeza wachibale pamsika wa kutali.

Anthu ena m'mudzi sanazione choncho. Kunamveka mphekesera yoti pachulupo patuluka miyala ya mtengo wapatali ndipo banja lathu lagwirizana ndi alendo. Kutchalitchi ena ankanong'onezana kuti bambo ayamba kupembedza mizimu, poti anthu anawamva akuodira chulu tsiku la madzi lija. Zimenezi zinawapweteka, chifukwa bambo ndi munthu wa kwaya kuyambira ali mnyamata. Amene anathetsa nkhaniyi anali amalume. Lamulungu lina, anthu akutuluka m'tchalitchi, anaima pakhomo n'kufunsa ndi mawu awo aja kuti mwa onse amene akulankhula, ndani sanakwere pachulupo tsiku lija, ndipo ndani anakumbukira kunena zikomo. Kenako anaitana aliyense wofuna miyala ya mtengo wapatali kuti apite akagwire sefa. Anapitadi anthu angapo, anaona minga ya nsomba ndi mapale, mphekesera n'kuthera pomwepo.

Ntchito itatsala pang'ono kutha, panabuka nkhani ya mafupa. Anyamata aja ankafuna kuwatenga kuti akawayeze bwino kutauni. Bambo atamva anaika sefa pansi n'kupita kunyumba, osatsanzika. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa khola. Anandiuza kuti iwo akadzamwalira adzanyamulidwa kupita kwawo kunyanja, chifukwa mkamwini sakhalitsa, koma mayi wogona uja kwawo ndi pachulu pomwepo, palibe kwina koti apite. Ndinakauza amayi, ndipo amayi anakalankhula ndi mayi a boma aja, awiriwiri, atakhala pamzere wa chinangwa. Sindikudziwa zonse zimene anakambirana. Chimene chinatuluka n'chakuti mafupa ayezedwa pomwepo, atengako dzino limodzi ndi makala pang'ono kuti akadziwire zaka, ndipo mwini wake abwezeredwa pamalo pake. Mphika wokha ndi umene unayenera kupita, chifukwa unali ndi ming'alu ndipo ukanasweka m'dothi lonyowa. Bambo anavomera mphikawo mokakamizika. Anapempha kuti m'malo mwake muikidwe wina, ndipo amayi anapereka mphika wawo wophikira nyemba za kalongonda.

Tsiku lowabwezera linatisokoneza tonse, chifukwa palibe ankadziwa mwambo wake. Mkulu wa mpingo anabwera ataitanidwa ndi bambo, koma anavomera kuti sadziwa pemphero la munthu amene anamwalira Uthenga Wabwino usanafike kuno. Anaganiza pang'ono, nati Mulungu ankamudziwa mayiyu ngakhale ife sitimudziwa, choncho tingoyamika. Tinaimba nyimbo imodzi ya maliro, motsitsa. Amayi anamasula chitenje chatsopano chimene anachilandira pa chithandizo cha madzi osefukira, ndipo mayi a boma aja ndi manja awo anakulungamo mafupa, limodzilimodzi, monga anawapezera. Nditayang'ana kumbali ndinaona azakhali akuwaza kaufa pansi mobisa, mkulu wa mpingo akuyang'ana dala kuphiri. Palibe analira. Komabe pobwerera tonse tinasamba m'manja pamphambano monga timachitira pochokera kumanda.

M'mawa mwake amalume anafika ndi wilibala yodzaza njerwa zootcha, zotsala pa uvuni wawo woyamba. Sanafunse munthu. Anayamba kumanga kakhoma kotchinga mbali yogumuka ija, akung'ung'udza kuti moyo wawo wonse akhala akufuna kuchotsa njerwa pachuluchi, lero akuzibweretsa. Bambo ankawapatsira matope, akumwetulira chamumtima. Pamwamba pa khomalo ndi kuzungulira chulu chonse bambo anadzala udzu wa vetiva kuti agwire dothi, kunja kwake n'kudzala khonje wotchinga mbuzi.

Chikwangwani chimene mayi a boma aja analonjeza chinabwera patapita chaka, tonse titataya kale mtima. Chinali chachitsulo, cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chonena kuti malowa ndi otetezedwa ndipo n'koletsedwa kukumba kapena kutengapo kanthu. Munda sunalandidwe. Amayi anangouzidwa kuti asalime m'kati mwa khonje, zimene sankachita kale. Bambo anandiuza kuti ndiwawerengere chikwangwanicho kangapo, mbali zonse ziwiri, ngakhale Chingerezi sachimva. Anadandaula pang'ono kuti Chilomwe palibe, kenako anati palibe kanthu, mayi wogonayo nayenso sankachidziwa. Pamodzi ndi chikwangwanicho panabwera uthenga wochokera kwa mayi aja woti dzino lija laonetsa kuti mayi wogonayo anakhalako zaka mazanamazana zapitazo. Bambo anafunsa ngati zimenezo ndi kale kuposa nthawi ya agogo a agogo awo, ndipo nditawauza kuti ndi kale kwambiri kuposa pamenepo, anangoti, "Ndiye adikira."

Kuyambira nthawi imeneyo aphunzitsi aja ankabweretsa ana a sukulu chaka chilichonse. Ankawaimika kunja kwa khonje, iwo n'kufotokoza za m'mabuku, kenako n'kupereka mpata kwa bambo. Bambo, amene pamsonkhano wa m'mudzi sankatsegula pakamwa, ankavala malaya a kutchalitchi n'kulankhula mpaka ana kuyamba kusuntha miyendo. Nkhani ya mlamba sinkalephera. Alendo enieni ochokera kutali sanabwere ambiri. Chikwangwani chinayamba dzimbiri, ndipo galimoto yoyera ija inangobweranso kamodzi. Kusamala kwenikweni kunatsalira bambo, kudulira vetiva, kuthamangitsa anyamata osaka mbewa, ndi kukonza kakhoma mvula ikakokolola.

Ine ndinapita kukaphunzira unamwino ndipo tsopano ndimagwira ntchito mumzinda. Chaka chathachi maso a bambo anachita ng'ala mpaka ankalephera kusiyanitsa mbuzi ndi chitsa. Anakana kwa nthawi yaitali kubwera kuchipatala, mpaka amalume anawanyamula pa njinga kukawakweza minibasi, akuwauza kuti atopa kupambana bawo kwa munthu wosaona. Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku limene anawachotsa bandeji anayang'ana nkhope yanga nthawi yaitali, nati ndakalamba. Ndinawafunsa chimene akufuna kuona mumzinda asanabwerere, ndikuganiza kuti anena msika waukulu kapena nyumba zosanja. Anati akufuna akaone mphika.

Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza kumene unasungidwa, m'nyumba yoonetsera zinthu zakale. Tinapita Loweruka m'mawa, iwo atavala magalasi akuda a kuchipatala ndi jekete imene ndinawagulira. Wogwira ntchito pamenepo, mtsikana wamng'ono kwa ine, anatiperekeza ku chipinda cha mkati. Mphikawo unali m'kabati yagalasi pamodzi ndi ina ya kumadera ena, ming'alu yake itamatidwa bwinobwino, pansi pake pali kapepala kolembedwa kuti Phalombe. Bambo anauzindikira ndisanawalozere. Anavula chipewa, anakweza magalasi akuda aja pamphumi ngakhale adokotala anawaletsa, n'kuwerama mpaka mpweya wawo kuchita nthunzi pagalasi.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anandiitana kuti ndione chinthu chimene m'munda muja sanachione chifukwa cha matope. Pansi pa timizere ta m'khosi panali timaenje tating'ono totsatizana, ndipo pamalo amodzi woumbayo anali atalakwitsa, timaenje tiwiri tinagundana, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

"Waona apa? Wina anamuitana ali m'kati moumba. Mwina mwana analira," anatero.

Mtsikana uja anawerama nayenso kuti aone, nati wakhala akupukuta galasi limeneli kwa nthawi ndithu, ndipo amakonda mphika umenewu chifukwa cha pomwepo. Atamva kuti mphikawo unachokera m'munda mwathu, anafunsa bambo ngati iwo ndi eni malowo. Bambo anayankha kuti eni ake ali kumudzi akukolola mpunga, iwo ndi ongoperekeza. Anacheza ndi mtsikanayo mpaka alendo ena analowa, akumufotokozera za tsiku la madzi ndi za khoma la amalume.

Titatuluka dzuwa linali litakwera, ndipo ndinawakakamiza kubwezera magalasi. Ndinkafuna akhale nane sabata ina kuti diso lipole bwino, koma anakana. Anati mpunga wa amayi ukufuna anthu, ndipo alamu awo akasiyidwa okha nthawi yaitali amayamba kuuza anthu kuti bawo amaidziwa. Podikira minibasi ya ku Phalombe ankayang'ana chilichonse, mawaya a magetsi, nsapato za anthu, mbalame zokhala padenga la sitolo, n'kumandifunsa ngati zinthu zonsezi zinali zowala chonchi kale. Mnyamata wogulitsa zipewa atadutsa, anamuimitsa, nasankha chofiira kwambiri, chimene munthu wamkulu sangavale. Anati n'cha amalume. Anachiika m'thumba la jekete, anakwera, n'kukhala pawindo.